Mulanje, phiri lokama mitambo

Mukanyamuka ku Limbe m'mamawa kudzera msewu wa Midima, mumayenda kanthawi ndithu pakati pa minda ya chimanga ndi nandolo musanaone chachilendo. Kenaka kutsogolo kumatulukira chinthu chodera chimene poyamba mumachiyesa mtambo wa mvula. Anzanu a m'minibasi, eni dera, satukula ndi mutu womwe. Inu mlendo mumayang'anitsitsa mpaka mutazindikira kuti mtambowo sukusuntha, ndipo uli ndi mapewa a mwala. M'miyezi yozizira tsinde la phirili limabisika mu nkhungu, nsonga zokha n'kumaoneka ngati zalenjekeka m'mwamba, ndipo n'chifukwa chake otsatsa zokopa alendo amakonda kulitchula kuti chilumba cha mumlengalenga. Dzinalo ndi lokoma, koma limapangitsa munthu kuganiza kuti phirili lili palokha, kutali ndi anthu. Chonsecho pafupifupi zonse za m'munsi mwake, kaya ndi tiyi, magule, nsembe, ngakhale maliro a anthu ambiri tsiku limodzi, gwero lake ndi kumwamba komweko.

Tiyambe ndi mwalawo. Ambiri amaganiza kuti Mulanje ndi phiri lomwe linaphulika moto kalekale. Sizinatero. Zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, chiphalaphala chamoto chinakwera kuchokera pansi pa dziko koma sichinaboole kunja. Chinaima m'kati mwa nthaka n'kuzizira pang'onopang'ono mpaka chinasanduka thanthwe lolimba zedi. Miyala yofewerapo yomwe inalikuta inaperepeseka ndi mvula ndi mphepo kwa zaka zosawerengeka, thanthwe lija n'kutsala poyera. Ndiye mukaima pa Chitakale n'kumayang'ana m'mwamba, dziwani kuti phirilo silinamere ayi, dziko lolizungulira ndi lomwe linatsika. Ichi ndicho chifukwa chake Mulanje alibe timapiri tambiri tokukonzekeretsani. Amangodzuka mwadzidzidzi kuchoka pa chigwa cha mamita 600 kapena 700 pamwamba pa nyanja yamchere, n'kukafika mamita 3,002 pa nsonga ya Sapitwa, yomwe ndi yaitali kuposa malo ena onse m'Malawi muno.

Komanso si phiri limodzi monga timanenera. Ndi dziko lonse la pamwamba, lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 650. Mukakwera makoma oyambirira aja mumafika pa zidikha za udzu zomwe zili pa mamita pafupifupi 2,000: Chambe, Lichenya, Thuchila, Sombani ndi zina. Zidikhazi zimalekanitsidwa ndi zigwembe zakuya, ndipo pamwamba pake pamadzukanso nsonga pafupifupi 20 zopitirira mamita 2,500, monga Nakodzwe, Dzole, Namasile, Matambale ndi Manene. Khoma la kumadzulo la Chambe, lomwe mumaliona bwino mukamalowera ku Phalombe, ndi thanthwe losalala lotalika pafupifupi mamita 1,700, ndipo okwera miyala ndi zingwe amachokera kunja kudzalimbana nalo. Kumpoto kuli Michesi, lomwe linapatukana ndi phiri lalikulu ndi mpata wotchedwa Fort Lister.

Tsopano ikani chimwala chotere panjira ya mphepo ya mwera. Mphepo imeneyi imachokera ku nyanja ya Indian itasenza chinyezi, imadutsa Mozambique, kenaka imagunda khoma la Mulanje. Ilibe kolowera koma kukwera, ndipo ikakwera imazizira, chinyezi chija n'kusanduka mitambo ndi mvula. Phirili limakama mitambo monga mmene munthu amakamira ng'ombe. Mbali ya kummwera, cha ku Lujeri, Mimosa ndi Muloza, imalandira mvula yopitirira mamilimita 2,000 pachaka, ndipo ngakhale m'chilimwe kumagwa kamvula kowaza kozizira kaja timati chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique komwe mitamboyo imaoneka ngati ikuchokera. Mphepo yomweyo ikatsikira kuseri, ku Phalombe, imakhala itauma kale. Yendani ulendo wozungulira phirili tsiku limodzi mudzaone nokha. Kuno tiyi ali biriwiri, nthochi ndi zinanazi zili mbwee m'mbali mwa msewu, koma mukangokhota kupitirira Likhubula dziko limayamba kutuwa, n'kukhala la mapira, mpendadzuwa, nandolo ndi fodya. Phiri ndi lomwelo, koma lagawa anthu ake miyoyo iwiri.

Madzi amene amagwa pamwambapo satsika onse nthawi imodzi. Udzu, ndere ndi nkhalango za m'zigwembe zimawasunga ngati chinkhupule n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Mitsinje ya Ruo, Likhubula, Thuchila, Lichenya, Muloza, Sombani ndi Phalombe yonse imabadwira kumeneku. Ruo ndi amene amakhala malire athu ndi Mozambique mpaka kukathira mu Shire pa Chiromo. Pa Bondo, madzi a Lichenya amapukusa makina a magetsi omwe amaunikira midzi yomwe mawaya a dziko lonse anali asanafike. Ndipo ngati mumakhala mbali zina za Limbe, mwina madzi a pa mpopi wanu ndi a Likhubula, poti bungwe la Blantyre Water Board linayala mapaipi kuchoka kumeneku kukafika ku Nguludi. Anthu ambiri amamwa Mulanje asanamuone.

Mvula yomweyi ndi imene inabweretsa tiyi. Mu 1891 mzungu wina dzina lake Henry Brown, yemwe anali atalimapo khofi ku Ceylon, dziko lomwe lero ndi Sri Lanka, anabzala m'munsi mwa phirili mbewu za tiyi zochokera ku mitengo ya pa mishoni ya Blantyre. Khofi atakanika chifukwa cha matenda ndi mitengo yoipa pamsika, tiyi ndi amene anatenga malo, ndipo minda ya ku Mulanje ili m'gulu la minda yakale kwambiri ya tiyi wogulitsa mu Africa muno. Pa Mimosa pali malo ofufuzira za tiyi a Tea Research Foundation of Central Africa, komwe kwatuluka mitundu ya tiyi yomwe ikulimidwanso m'mayiko ena. Kukongola kwa mindayi sindingakutsutse. M'mawa dzuwa likamatuluka, mizere ya tiyi yometedwa mofanana imaoneka ngati mphasa yobiriwira yoyalidwa mpaka kukagunda thanthwe, othyola tiyi ali balalabalala ndi madengu kumsana. Aliyense amatulutsa foni kujambula.

Koma ndimafuna mlendo adziwe kuti mphasa imeneyo anailuka ndani. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alhomwe ambiri anawoloka kuchokera ku Mozambique, kuthawa msonkho, ntchito yokakamiza ya Apwitikizi ndi njala. Atafika kuno anapeza malo abwino ali m'manja mwa eni maesiteti. Kuti munthu apatsidwe pomanga nyumba ndi kamunda, ankayenera kulipira ndi thukuta lake, kugwira ntchito pa esiteti miyezi ingapo pachaka, kawirikawiri nthawi ya dzinja yomwe munda wake womwe unkamufuna. Imeneyo ndiyo thangata, mawu omwe kale ankatanthauza kuthandizana pa ntchito koma anasanduka dzina la goli. Inatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma chipsera chake chikuonekabe. Mulanje ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri, ndipo mukaona minda ya chinangwa ndi chimanga itakwera m'malo otsetsereka mpaka kukakhudza malire a nkhalango, musafulumire kunena kuti anthuwa ndi osamva. Funsani kaye kuti malo athyathyathya ali ndi yani.

Alhomwewo anapeza Amang'anja, omwe ndi akale kuno, komanso Ayao omwe anali atakhazikika m'mbali mwa phiri. Mpata wa pakati pa Michesi ndi phiri lalikulu unali njira ya amalonda a minyanga ndi akapolo olowera kugombe la Quelimane, ndipo mu 1893 Angerezi anamangapo linga la Fort Lister kuti atseke njirayo. Lero kwatsala zipupa zogumuka ndi manda ochepa m'tchire. Ndi malo osachedwetsa, koma ndi bwino kupitako ndi munthu wa m'mudzi wapafupi kuti akulozereni pomwe anthu ankadutsa atamangidwa magoli.

Chikhalidwe chamoyo mudzachipeza kumidzi. Mwezi wa October, Alhomwe amasonkhana pa Chonde ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, komwe mungalawe kalongonda, nyemba zija zofuna kuphika tsiku lonse ndi kutaya madzi kangapo kuti zisakuledzeretseni, komanso nsima ya makaka. Kumeneko mudzaonanso tchopa, gule yemwe bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2014. Ovina amasenza zikopa, tizikwama ndi zida za ulenje kumsana, n'kumazungulira ng'oma zikulira. Tchopa sanayambe ngati chionetsero. Ndi gule wa nsembe, wovinidwa pothokoza mizimu zokolola zikachuluka kapena alenje akabwerako bwino, ndiponso popepesa kukagwa chilala kapena mliri.

Mawu akuti mizimu atifikitsa pa khomo la phiri. Alendo ambiri amayambira pa Likhubula, pomwe pali ofesi ya zankhalango yolembetsera maina ndi kupezera wolondolera njira ndi onyamula katundu, omwe kuno amangoti magaidi ndi mapotala. Mukayenda pafupifupi ola limodzi kukwera m'nkhalango ya misuku ndi miombo mumafika pa Dziwe la Nkhalamba, pomwe mtsinje umagwa pa thanthwe n'kuthira m'dziwe lakuya, lozizira moti mano amaguguda ngakhale mu October. Akuluakulu amati kale pankaoneka nkhalamba ya imvi zokhazokha itakhala pamwala, munthu akayandikira n'kuzimirira, ndipo anthu ankabwera kudzathira nsembe popempha mvula. Lero pa Sabata pamadzaza achinyamata ndi masipika ndi mabotolo. Sindidana ndi chisangalalo, koma dziwelo lameza anthu odziwa kusambira, ndipo magalasi osweka omwe amatsala m'miyala amandipweteka mtima. Pamalo pomwe agogo a eni dera ankavula nsapato, ife tingathe kutola zinyalala zathu.

Tsiku lina tikukwera njira ya Skyline yopita ku Chambe, njira yotsetsereka yomwe dzina lake linachokera ku chingwe chomwe kale chinkatsitsa matabwa, gaidi wathu anaima n'kutiuza malamulo. Anali bambo wamfupi wovala nsapato zapulasitiki, ndipo chikwama chomwe ine chinkandilemera iye anachisenza pamutu ngati mtolo wa udzu.

"Achimwene, kumwamba kuno kuli eni ake," anatero. "Mukapeza nthochi zakupsa kapena nsima yotentha pamwala, idyani nokha, osaitana mnzanu, osatengako kupita nayo kunyumba. Mukamva ng'oma kapena wina akukuitanani dzina, osayankha, osatsatira. Ndipo nkhungu ikatseka, pomwe mwaimapo khalani pomwepo."

Ndinamufunsa ngati iye anazipezapo nthochizo. Anaseka n'kunena kuti amalume ake ndi omwe anazipeza. Koma pa lamulo la nkhungu sanaseke. Masana omwewo ndinaona chifukwa chake. Tili pa chidikha, dzuwa likuwala bwinobwino, mtambo unakwera kuchokera m'chigwembe ngati utsi wa moto wa masamba aawisi, ndipo pasanathe mphindi khumi sindinkamuonanso mnzanga yemwe anali mapazi ochepa patsogolo panga. Mawu ake ankamveka ngati akuchokera kumanzere pomwe iye anali kumanja. Pamenepo ndinamvetsa kuti munthu angatsatire bwanji liwu mpaka kukagwera kuphompho.

Sindikunena kuti nkhani za mizimu ndi malangizo a chitetezo ovekedwa chigoba basi. Kwa eni dera phirili ndi mudzi wa makolo, ndipo ena amati kumakhala Abathwa, anthu aafupi aja timawatchula kuti Amwandionerapati, omwe ukakumana nawo n'kukufunsa kuti wawaonera pati umayenera kuyankha kuti wawaonera kutali. Zida za miyala zomwe ofukula zakale apeza m'dera lino zikusonyeza kuti kunalidi alenje akale alimi asanafike. Chomwe ndikunena n'chakuti mwambo ndi nzeru za phiri n'zolukana, ndipo wonyoza chimodzi amataya zonse. Dzina lakuti Sapitwa likunena lokha kuti kumeneko sikupitidwa. Lero anthu amapitako, kuchokera pa nyumba ya Chisepo, ulendo wa maola atatu kapena anayi wokwawa pa matanthwe osalala, kulowa pansi pa miyala ikuluikulu ndi kupinda m'timitengo tokhotakhota todzaza ndere. Pamwamba pali chipilala cha simenti, ndipo kukakhala kowala mumaona nyanja ya Chilwa, phiri la Zomba ndi mapiri a ku Mozambique. Koma mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anakwera yekha ndipo sanapezeke mpaka lero. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya gaidi wake m'munsi, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita milungu. Kulemba gaidi ndi lamulo loyenera kulitsata popanda kunyinyirika, ndipo ndalama yake ndi imene imadyetsa mabanja a pa Likhubula, Lujeri ndi Fort Lister. Ngati mukukayika za mphamvu za anthu amenewa, bwerani mu July ku mpikisano wa mapotala, pomwe amathamanga makilomita oposa 20 kukwera Chambe, kudutsa ku Lichenya ndi kutsikanso m'maola awiri ndi mphindi zochepa, njira yomwe mlendo amayenda masiku awiri.

Madzi omwe amapatsa moyo aja amadziwanso kulanda. Mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, dothi lopyapyala lomwe lili pamwamba pa thanthwe limakhuta, limaterereka, n'kutsika ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Makolo anati ameneyo ndi Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chomwe chikamasamuka chimakokolola chilichonse panjira yake. Mu March 1991 Napolo anatsika ku Michesi n'kukwirira midzi ya ku Phalombe, anthu mazanamazana n'kutha. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zomwezo ku Mulanje ndi Phalombe, madera ngati Nkhulambe ndi Muloza n'kusanduka mabwinja a mchenga ndi miyala. Mizere yoyera yomwe mudzaione itatsika m'mapewa a phirili ngati zikande za chilombo ndi njira zomwe madziwo anadutsa. Musanaijambule, kumbukirani kuti amene akukunyamulirani chikwama mwina anaika m'bale wake chifukwa cha mzere umenewo. Zigumukire zotere zinkachitika ndi kale lomwe nkhalango zili zonse, koma pomwe mitengo yatha ndi moto wadutsa chaka ndi chaka, dothi silikhala ndi chogwirira.

Apa ndi pomwe nkhani ya mkungudza imandiwawa. Mtengo umenewu, womwe akatswiri amautchula kuti Widdringtonia whytei potengera dzina la Alexander Whyte yemwe anautola m'phirili mu 1891, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi koma pa Mulanje. Umatalika mpaka mamita 40, thabwa lake ndi lonunkhira, chiswe sichiudya ndipo suola msanga. Mu 1984 unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Ubwino wakewo ndi umene unaupha. Boma la atsamunda linaika phirili m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1927, koma kucheka kunapitirira, poyamba ndi ziphaso zololeza kudula mitengo youma yokha, zomwe ena anazipezerera poyamba aupha mtengo kuti uume. Kenaka kunabwera nsabwe za mitengo m'zaka za m'ma 1980, paini wochokera ku Mexico yemwe anabzalidwa pa Chambe n'kuyamba kulanda malo, moto wolusa wa alenje, ndi macheka a usiku. Aliyense amene anakwera phirili zaka za m'mbuyomu anakumana ndi anyamata akutsika chothamanga, opanda nsapato, thabwa lalitali lili pamutu, kukalandira ndalama yosakwana ndi thumba la ufa lomwe, pomwe phindu lenileni linkapita kwa ogula a m'tauni. Kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu yamoyo 7 yokha.

Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi nthambi ya zankhalango ndi midzi yozungulira, labzala mbande mazana a zikwi kuchokera m'manazale a m'midzi, ndipo anthu amalambula njira zotchinga moto chilimwe chisanafike. Ntchitoyo ndi yovuta chifukwa mbande ya mkungudza imafa ndi moto umodzi wokha, ndipo kuti ifike pa msinkhu wa mitengo yomwe inadulidwa pamafunika zaka zoposa moyo wa munthu. Pa chipata mudzapeza timabokosi ndi ndodo zonunkhira zogulitsa. Osema ake ndi aluso ndipo akufuna kudya, koma ine ndimasankha zosemedwa ndi mtengo wina, ndipo ndimawauza chifukwa chake. Mkungudza si wokhawo wosowa kwina. Kuli abilimankhwe a mtundu wawokha, ndipo gulu lina asayansi analipatsa dzina lakuti Nadzikambia, kuchokera ku mawu athu omwe akuti nadzikambe.

Mu July 2025 UNESCO inaika Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, kukhala malo achitatu a Malawi pambuyo pa paki ya nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula za pa miyala za ku Chongoni mu 2006. Chofunika kuchimvetsa n'chakuti phirili linalowa ngati malo a chikhalidwe, chifukwa cha ubale wa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe ndi mizimu ya m'phirimo. Zimene ena ankaziyesa zikhulupiriro za anthu osaphunzira ndi zomwe zalipatsa ulemu umenewu. Ulemuwo wafika pomwe mkangano wa migodi sunathe. Pa zidikha za Lichenya ndi Linje pali miyala ya bauxite yopangira aluminiyamu, yomwe inadziwika kuyambira m'zaka za m'ma 1920, ndipo nthawi ndi nthawi pamabwera ofuna kuikumba. Mtsutso wa ntchito ndi ndalama zakunja ndi woona, dziko lathu ndi losauka. Koma bauxite amakumbidwa pochotsa dothi la pamwamba, chinkhupule chomwe chija chosunga madzi a Lichenya ndi Likhubula. Ine mbali yanga ndi ya madzi.

Ngati mwaganiza zopita, miyezi yabwino ndi kuyambira May mpaka October. June ndi July kumazizira mpaka madzi kuundana usiku, choncho tengani juzi yeniyeni ndi chofunda. September ndi October kumatentha ndipo utsi wa moto umabisa mapiri akutali. M'dzinja mitsinje imadzaza mwadzidzidzi ndipo matanthwe amaterera. Pamwamba pali nyumba zogona pafupifupi khumi, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu ndi Chisepo, zomwe bungwe la Mountain Club of Malawi limathandiza kusamalira, ndipo iliyonse ili ndi mlonda yemwe amakoleza moto ndi kutunga madzi. Chakudya mumanyamula nokha, ndipo muwerengere gaidi ndi mapotala pa ufa ndi ndiwo. Simukuyenera kufika pa Sapitwa kuti munene kuti mwakwera Mulanje. Usiku umodzi pa Chambe kapena Lichenya ndi wokwanira kwa woyamba, ndipo ndimalakalaka Amalawi ambiri akanamalemba maina m'buku la pa chipata, lomwe masamba ake amadzaza ndi alendo ochokera kutali.

Mukafika pa chidikha, mupempheni gaidi akuonetseni chitsa cha mkungudza. Sadzavutika kuchipeza. China ndi chachikulu moti anthu atatu angakhalepo n'kudyerapo nsima, chotuwa ndi dzuwa, chakuda mbali imodzi pomwe moto unanyambita. Palani pang'ono ndi chikhadabo n'kununkhiza, fungo likadalimo ngakhale mtengowo unagwa zaka zambiri zapitazo. Kenaka yang'anani m'udzu chapafupi. Nthawi zina mudzapeza kambande kofika m'bondo, kobiriwira motuwira, kozunguliridwa ndi bwalo lomwe wina analambula ndi khasu dzinja litangotha.